Agogo Akayamba Ukali

M'midzi ya m'Chigwa cha Shire, kuyambira ku Chikwawa mpaka ku Nsanje, muli mabanja amene akudabwa ndi okalamba awo. Amayi amene analera ana mofatsa, lero akutukwana mwana wawo kuti wawabera nsalu. Abambo amene ankaweruza milandu pabwalo, akutolera ndodo mdzukulu wodzawasambitsa. Apamudzi sachedwa kunong'onezana kuti pali ufiti.

Umenewu si ufiti ayi. Kawirikawiri ndi matenda a ubongo otchedwa dementia, amene mtundu wake wofala anaufotokoza ndi Alois Alzheimer, dokotala wa ku Germany, m'chaka cha 1906. Ubongo umafooka pang'onopang'ono, kufikira wodwala aiwala nkhope za abale ake ndi mawu onenera chimene chikumusautsa. Motero ukali wake ndiwo kulira kwa munthu wamantha kapena womva ululu. Kwa iye, mdzukulu wodzamuvula malaya ndi mlendo wofuna kumuchita chipongwe.

Choncho wosamalira ayambe wafufuza chimene chautsa mkwiyowo. Mwina ndi dzino, msana, njala kapena kudzimbidwa. M'Chigwa muno, kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala kumaumitsa thupi, ndipo wokalamba woiwala sapempha madzi. Ayenera kupatsidwa pafupipafupi. Kusamuka nako kumasokoneza. Namondwe wa Freddy atasefukiza madzi mu Malichi 2023, mabanja ambiri anakakhala m'misasa, ndipo wodwala wotere akasowa khomo ndi mtengo umene anauzolowera, mantha amakula, makamaka dzuwa likamalowa.

Mkwiyo ukabuka, kutsutsana nawo n'kuthira nkhuni pamoto. Wosamalira afike cha kutsogolo, adzitchule dzina, ndipo alankhule motsitsa: "Agogo, pepani, nsaluyo tiifunira limodzi." Akaona ndodo, afutuke, achotse ana, adikire mtima ugwe. Pambuyo pake awapatse ntchito imene manja awo akuikumbukira, monga kutong'ola chimanga kapena kupeta mapira. Zikwanje, nkhwangwa ndi mipeni zisungidwe patali. Kumenya wodwala, kumumanga ndi chingwe kapena kumutsekera m'nyumba kumangowonjezera mantha amene anabala ukaliwo.

Ngati kusokonezeka kwadza mwadzidzidzi, tsiku limodzi kapena awiri, kungakhale malungo kapena matenda a m'chikhodzodzo, ndipo ameneyo athamangire naye kuchipatala, kaya cha boma ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kaya cha mishoni ku Nchalo ndi ku Muona. Dementia ilibe mankhwala oichiziratu, koma zambiri zoutsa ukali zimachizika.

Katunduyu asasiyidwe pamutu pa munthu mmodzi, pakuti wotopa sachedwa kupsa mtima, abale azilandirana. Ndi bwinonso kudziwitsa amfumu ndi anansi za matendawa mphekesera zisanafale, chifukwa m'dziko muno okalamba ena aphedwa powaganizira ufiti. Lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba.

Makolo anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Koma moto ukayaka mwa akuluakuluwo, dambo likhale ana ndi adzukulu awo.