Zimbale Zisanu za Jazz ndi Ngongole Yanga Yakale

Awa ndi mawu amene mnzathu wina anayankhula pa msonkhano wa pachaka wa bungwe lathu, popereka mphatso ya nyimbo ku laibulale ya sukulu.



Komiti inandituma kuti ndisankhe zimbale zisanu za jazz zoposa zonse chiyambire, kuti tizipereke ku laibulale pamodzi ndi choyimbira chimene munasonkhera chija. Ndinavomera msanga poyesa kuti ndi ntchito ya madzulo amodzi. Yanditengera miyezi itatu, ndipo mayi a kunyumba afika potopa nawo malipenga.

Ndisanatchule zimbalezo, mundilole ndiulule mlandu, paja mlandu suola. Ambiri a ife tikuwakumbukira malemu aphunzitsi athu a Jogalafe, amene ankatiitana Loweruka madzulo kukamvera galamafoni pakhonde pawo. Ndili Fomu 3 ndinawabwereka chimbale chimodzi kuti ndikachiyimbe muno m'holo. Ndinachiiwala pa zenera la kogona mwezi wa Okutobala, ndipo dzuwa linachiwamba mpaka chinapindika ngati mbale ya ndiwo. Ndinachibwezera m'chikuto chake, n'kukachisiya pa tebulo lawo osanena kanthu. Masiku amenewo chimbale chotere sichinkapezeka wamba. Iwo anachita kubwera nacho kuchokera kunja kumene anakaphunzira. Sanandifunse konse, ndipo Loweruka lotsatira anandiitananso pakhonde paja. Anamwalira ndisanapepese. Choncho ntchito imene munandipatsayi sindinaitenge mwamasewera.

Kwathu kuno mawu akuti jazz tinawapatsa tanthauzo lathulathu. Wina akati jazz band timaganiza za banjo ndi babatoni, za Alan Namoko ndi Chimvu Jazz kapena za anyamata a kwa Kachamba. Jazz imene ndikunena lero ndi ija inabadwa pakati pa anthu akuda a ku New Orleans, ku America, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900. Mwambo wake ndi wakuti oyimba amayamba ndi mutu wa nyimbo umene onse akuudziwa, kenaka aliyense amapatsidwa mpata wopeka zakezake pomwepo, anzake akumuchirikiza. Amene munaonapo mkulu wa ng'oma akuyankhana ndi mapazi a wovina pabwalo mukudziwa kale chimene ndikutanthauza.

Ife tinazolowera kuti teremu ikatha mayina ankaikidwa pa bolodi, uyu nambala wani, uyu nambala thu. Zinali zotheka chifukwa tonse tinkalemba mayeso amodzi. Oyimba awa sanalembe mayeso amodzi, motero mndandanda wangawu ulibe nambala wani. Chimbale chilichonse ndinachifunsa mafunso awiri okha. Kodi chitatuluka, oyimba ena anasintha kayimbidwe kawo? Nanga mwini wake anali ndi chonena chenicheni, kapena ankangoonetsa kuthamanga kwa zala?

Ndinapunthwa pa chiyambi pomwe. Chimbale chachikulu chokhala ndi nyimbo zingapo mbali iliyonse chinayamba mu 1948. Kale kunali timbale tosweka tija, toyimba mphindi zitatu zokha mbali imodzi. Tikaumirira pa mawu akuti chimbale, ndiye kuti tataya kunja makolo onse a jazz. Ine ndinakana kutero, ndipo choyamba changa ndi nyimbo zimene Louis Armstrong anajambula ku Chicago ndi magulu ake a Hot Five ndi Hot Seven kuyambira 1925 mpaka 1928, zimene zinasonkhanitsidwa pamodzi pambuyo pake. Iye asanabwere, magulu a ku New Orleans ankakonda kulukana malipenga onse nthawi imodzi. Armstrong anaonetsa kuti munthu mmodzi akhoza kuimirira n'kufotokoza nkhani yake ndi lipenga, enawo akumugwirira nyimbo. Mverani mmene akutsegulira West End Blues ya 1928, yekhayekha popanda ng'oma kapena piyano. Onse amene nditawatchule anadutsa pa khomo limene iye anatsegula. Ndi yemweyu amene mu 1954 anajambula Skokiaan, nyimbo ya August Musarurwa wa ku Bulawayo.

Chachiwiri ndi chija ndinawamba padzuwa, Kind of Blue cha Miles Davis. Anachijambula masiku awiri okha, pa 2 Malichi ndi pa 22 Epulo 1959, mu situdiyo ya ku New York imene kale inali tchalitchi. Tsiku loyambalo likumbukireni motere: m'mawa mwake, pa 3 Malichi, kuno ku Nyasaland boma la atsamunda linalengeza lamulo la chipwirikiti ndi kumanga a Dr Banda. Pa nthawiyo oyimba jazz ankathamangitsana ndi makodi osinthasintha, wina aliyense kufuna kuonetsa liwiro. Davis anachepetsa makodiwo. Anzake anangowapatsa mafupa a nyimbo, popanda kukonzekera kwambiri, kuti mnofu aikepo okha mosapupuluma. Anzakewo anali John Coltrane ndi Cannonball Adderley pa sakisafoni, Bill Evans pa piyano, Wynton Kelly pa piyano m'nyimbo imodzi, Paul Chambers pa bezi ndi Jimmy Cobb pa ng'oma. Ndachimvera zaka zoposa 40 ndipo sichinasukuluke. Mwana wa Fomu 1 amene sanamvepo jazz ayambire pamenepa.

Chachitatu chinatulukanso mu 1959, ndipo ndachisankha makamaka chifukwa tikuchipereka ku sukulu. Ndi Mingus Ah Um cha Charles Mingus, katswiri wa bezi. Mu 1957 ana 9 akuda anafuna kuyamba sukulu ya sekondale ya azungu ku Little Rock, m'chigawo cha Arkansas. Bwanamkubwa wa chigawocho, Orval Faubus, anatumiza asilikali kukawatsekereza pa chipata, mpaka Pulezidenti Eisenhower anachita kutumiza asilikali ake kuti anawo alowe m'kalasi. Mingus anamupekera bwanamkubwayo nyimbo yomunyogodola yotchedwa Fables of Faubus. Pa chimbalechi nyimboyi ilibe mawu. Mawu ake anamveka pa chimbale china chimene anajambula mu 1960 ndi kampani ina. Koma ngakhale popanda mawu, malipenga akuchita kumveka kuti akumuseka munthu wodzitukumula. M'menemonso muli Goodbye Pork Pie Hat, maliro a woyimba sakisafoni Lester Young amene anamwalira chaka chomwecho. Ana athu amve kuti nyimbo ikhoza kulira maliro ndi kudzudzula mfumu popanda kutchula liwu.

Chachinayi ndi A Love Supreme cha John Coltrane. Mu 1957 Miles Davis anamuchotsa Coltrane m'gulu lake chifukwa cha mankhwala ozunguza bongo ndi mowa. Chaka chomwecho Coltrane anasiya zonsezo, ndipo ankanena kuti ndi Mulungu amene anamudzutsa. Patapita zaka 7, pa 9 Disembala 1964, analowa mu situdiyo ku New Jersey ndi McCoy Tyner, Jimmy Garrison ndi Elvin Jones, najambula nyimbo imodzi ya zigawo zinayi ngati chopereka chake cha mayamiko. Chimbalecho chinatuluka mu 1965, ndipo iye anamwalira mu 1967 ali ndi zaka 40. Ndikuchenjezeni kuti ichi sichikoma tsiku loyamba. Ine nditachimva koyamba ndinayesa phokoso chabe. Ndinadzachimvetsa nditakula, nditagwapo n'kudzutsidwa. Muno muli anzathu amene analimbana ndi botolo napambana. Iwo sadzafuna womasulira.

Pa chachisanu ndasiyana ndi akatswiri ambiri olemba mindandanda, amene kawirikawiri maso awo sachoka ku America. Paja mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Jazz inaoloka nyanja n'kudzamera mizu ku South Africa, kumene amalume athu ambiri ankagwira ntchito. Mu 1960 gulu la Jazz Epistles, mmene munali Dollar Brand, Hugh Masekela, Kippie Moeketsi ndi Jonas Gwangwa, linatulutsa chimbale chake, koma chaka chomwecho kunachitika kuphedwa kwa anthu ku Sharpeville ndipo gululo linabalalika. Ine ndasankha Mannenberg, chimene Dollar Brand, amene anadzadziwika ndi dzina lakuti Abdullah Ibrahim, anajambula ku Cape Town mu 1974 pamodzi ndi Basil Coetzee pa sakisafoni. Dzinali ndi la dera limene boma la tsankho linasamutsirako anthu mowakakamiza. Piyano imangobwereza kamutu kamodzi ka marabi kwa mphindi zoposa 13, sakisafoni n'kumayenda pamwamba pake ngati munthu wobwerera kwawo madzulo. M'zaka za m'ma 1980 nyimboyi inkayimbidwa pa misonkhano yolimbana ndi tsankho. Mwana wathu akadzaimva adzazindikira kuti jazz si mlendo kwenikweni pakhomo pano.

Tsono zimene ndasiya n'zambiri kuposa zimene ndatenga. Ndasiya Duke Ellington, Charlie Parker ndi Thelonious Monk. Chimbale chotchuka cha Ellington at Newport cha 1956 ndinachikayikira chifukwa zinadzadziwika kuti mbali yaikulu ya chimbale choyambacho anaijambulanso mu situdiyo n'kuwonjezeramo kuwomba m'manja, ngakhale kuti mu 1999 anatulutsa zenizeni za tsikulo. Amayi a m'komiti andidzudzula kale kuti pa zisanuzi palibe liwu la mzimayi, pamene kuli Billie Holiday ndiponso Ella Fitzgerald, amene chimbale chake ndi Armstrong cha 1956, Ella and Louis, chikhoza kukometsa khonde lililonse. Akunena zoona, ndipo ndilibe chodzitetezera. Mutu umodzi susenza denga. Ndikupempha kuti chaka chamawa amayiwo asankhe zisanu zawo, ndipo titsutsane bwinobwino muno m'holo monga tinkachitira pa dibeti.

A Mphunzitsi Wamkulu, pempho langa kwa inu ndi limodzi. Zimbalezi zisakakhale m'kabati yokhoma poopa kuti ana aziwononga. Mwina wina adzawonongadi, monga ndinachitira ine. Aphunzitsi aja anataya chimbale chimodzi, koma mnyamata amene anachiwononga wakhala akumvera jazz moyo wake wonse chifukwa sanamuthamangitse pakhonde. Ana a lero nyimbo ali nazo zambiri m'mafoni, koma alibe munthu wowakhazika pansi kuti amvere chimbale chimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Pakapezeka mphunzitsi mmodzi wopatula Loweruka madzulo, mphatso yathu yagwira ntchito.

A Msungichuma, pa zisanuzi mulipire zinayi zokha. Kind of Blue ndagula ndi ndalama zanga, ndipo m'kati mwa chikuto ndalembamo dzina la aphunzitsi aja. Ngongoleyo yachedwa, koma yafika.

Zonse ndanenazi musazikhulupirire chifukwa ndanena ine, paja kandimverere anakanena za m'maluwa. Choyimbira chili apo. Tikatha kudya, amene muli ndi mpata tsalirani timvere limodzi.