Feriya Ikutha, Koma Mtima wa Mwana Sukufuna Sukulu

Mawu amene mlimi mnzathu analankhula pa pulogalamu ya gulu la omvera

Gulu landipatsa mpata woti ndilankhulepo za feriya imene ikuthayi, tchuthi cha pakati pa trimesitere yoyamba ndi yachiwiri. Ndi chachifupi, koma ine ndimachiopa kuposa chachitali chija cha Disembala.

Cha Disembala mwana amatopa nacho yekha. Mvula tsiku ndi tsiku, kupalira, kubandira, ndalama kulibe paliponse. Sukulu ikamatsegula amathamangira yekha, poti kalasi ndi yatsopano, mwina ndi yunifomu yomwe. Koma tchuthi ichi chimagwa nthawi imene zinthu zacha kuno ku Angónia. Chimanga chili pamikukwe, soya akumenyedwa, kachewere akukumbidwa, fodya akupita kumsika, mavenda apachika masikelo m'mitengo ya m'mbali mwa msewu. Mwana akakunkha soya m'minda ya anthu, kapena akasenza matumba pamsika, madzulo ali ndi metikali yakeyake m'thumba. Agula mandazi, alipira kanema, achajitsa foni. Nde inu mubwere kudzamuuza kuti Lolemba adzuke kukadali chisisira, mame ali mbwee, kuzizira kwayamba, akakhale pansi kumvera Chipwitikizi chimene theka lake sakulimva. Mtima wake ukana basi, ndipo ine sindidabwa naye.

Makolo ambiri timangoti ndi ulesi. Ulesi ulipo, sindikukana. Koma tamuyang'anitsitsani mwanayo. Amene mukumuti waulesiyo wasenza matumba a kachewere kuyambira mamawa. Waulesi amasenza thumba la kachewere? Chimene chachitika n'chakuti thupi ndi mutu zasiya chizolowezi. Inu amene muli ndi ng'ombe zapangolo mukudziwa. Zisiyeni masabata awiri osazimanga, zizingodya mapesi. Tsiku loziika goli zimazemba, ina imagona pansi, ina imakokera kutchire. Simuzigulitsa chifukwa cha zimenezo. Mumayamba ndi katundu wochepa, ulendo waufupi, pofika tsiku lachitatu zikuyenda ngati kale. Ngakhale ifeyo, tsiku loyamba kugalauza manja amatuluka matuza, ndipo palibe amene amadzuka akuimba.

Koma pali china chimene ana sanena, ndipo pamenepa ndikufuna ndikhalitsepo. Ambiri atseka sukulu ataona manota awo a trimesitere yoyamba. Kwathu kuno amawerenga kuyambira 0 mpaka 20, ndipo amene sanafike pa 10 ali ndi negativa. Mwana wapeza 6 masamu, 7 Chipwitikizi. Kunyumba sananene, poti palibenso amene anamufunsa. Wayenda nazo mumtima feriya yonse, ndipo wadziweruza yekha kuti chaka chino chapita kale, nanga ndikavutikirenji. Akamati sindikufuna sukulu, nthawi zambiri akutanthauza kuti ndikuchita manyazi, ndikuopa. Pamsika akasenza thumba amamuyamikira pompo, ndalama m'manja. Kusukulu dzina lake lili papepala pakhoma, aliyense akuwerenga kuti walephera. Inuyo mukanasankha kuti?

Nde ana inu mverani bwino. Chaka chili ndi matrimesitere atatu, ndipo nota ya kumapeto amaitenga pa onse atatu. Wapita mmodzi yekha, awiri akadalipo. Amene anapeza 7, akapeza 11 kenako 12, wafika pa 10. Werengani nokha, kuphatikiza n'kugawa patatu. Kuchoka pa 7 kufika pa 11 si chozizwitsa ayi, ena amangofunika kukhala kutsogolo ndi kusajomba. Chimene chimaphadi chaka ndi mafalta. Negativa imakonzeka, koma masiku ojomba akachuluka, makamaka ku sekondale, mwana amataya chaka ngakhale mutu wake uli bwinobwino.

Apa ndipo ife makolo timalowa. Mawu aja akuti “ungotsala sabata imodzi yokha titute chimanga, ukapita Lolemba linalo” ndi amene amatha ana. Sabata yoyamba aphunzitsi amayamba mutu watsopano. Mwana akafika mochedwa amapeza anzake ali patali, makope awo adzaza, iye lake lili mbee. Amakhala kumbuyo osamva kanthu, mawa lake mutu ukumupweteka, mkuja wapita kudimba. Pofika Juni, chisanu chitalimba, nkhani ya sukulu yatha m'nyumbamo popanda amene ananena kuti asiye. Ntchito yokolola ndi yambiri, ndikudziwa, nanenso chimanga changa chikadali kumunda. Koma chimanga chapamkukwe chimadikira Loweruka. Ndipo ngati tili ndi ndalama yomwera pamsika tsiku logulitsa soya, ya waganyu wa masiku awiri singasowe.

Amene ali ndi ana a kalasi 7 achenjere koposa. Kuyambira 2023 kalasi imeneyi inachoka ku pulayimale n'kupita ku sekondale. M'malo ena anangowonjezera makalasi pasukulu yomweyo, koma kwina mwana wa zaka 12 kapena 13 akuyenda mtunda umene sanauzolowere, kapena akukhala kwa achibale ku Ulongwe kapena ku Domwe. Mwana wotereyu akabwera kwawo pa feriya, akadya nsima ya amayi ake, akagona pamphasa yake, kubwerera kumamulemera kawiri. Musamuseke. Mufunseni kuti kumene akukhalako akudya bwanji, akumugwiritsa ntchito zanji. Mwina vuto si sukulu konse.

Lamulo la maphunziro la 2018 limati mwana aphunzire mpaka kalasi 9. Lina la 2019 limaletsa kukwatitsa kapena kulowetsa m'banja mwana wosakwana zaka 18. Ndatchula limeneli dala, chifukwa nyengo ino anyamata ali ndi ndalama ya fodya ndi njinga zamoto zatsopano, ndipo mtsikana amene mtima wake wagwa ndi sukulu sachedwa kumvera. Azimayi, inu mumaona zimene ife sitiona. Ndipo ngati zachitika kale, mtsikana ali ndi pakati, dziwani kuti lamulo lija lomusamutsira ku sukulu ya usiku linachotsedwa mu 2018. Malo ake masana alipo.

Tsono masiku atsalawa tichite chiyani? Ine ndikuona kuti goli liyambe kulowa pang'onopang'ono kuyambira lero. Kanema wausiku ayime, mwana agone msanga, adzuke nthawi ya sukulu ngakhale sakupita. Sopo apezeke, yunifomu ichapidwe Loweruka osati Lamulungu usiku, poti ndi kuzizira kuno siuma. Cholembera ndi kope mugule pa ndalama ya soya yomweyo isanathe. Ndipo madzulo amodzi mumuitane, mumuuze atulutse makope akuwerengereni. Musati ine sindinapite patali ndi sukulu. Kumvetsera sikufuna satifiketi. Mufunse manota mosakalipa, chifukwa mukakalipa adzakunamizani. Ngati pali negativa, Lolemba mupite naye limodzi mukaonane ndi aphunzitsi ake. Mwana akaona bambo ake asiya khasu chifukwa cha iye, amayenda mosiyana.

Inu ana, musadikire kuti mtima ufune. Sudzafuna muli pamphasa. Lero tsegulani kope limodzi lokha, la phunziro limene mumalikonda, muwerenge tsamba lomaliza limene munalemba. Basi. Mawa lina. Mupangane ndi mnzanu kuti Lolemba adzakugogodereni, poti kukana munthu amene waima pakhomo n'kovuta kusiyana ndi kukana belu limene lili kutali. Ndalama munapeza pa feriyayi musaibise, gulani nayo nsapato kapena juzi ya m'mawa.

Pomaliza ndili ndi pempho kwa gulu lathu ndi kwa makolo amene ali mu konselyu ya sukulu. Lachitatu la sabata yotsegulira tipite kwa aphunzitsi, atiuze ana amene sanaonekebe. Mayinawo tisawatchule pa wayilesi, tingogawana midzi, awiriawiri, tikacheze ndi makolo awo sabata isanathe. Amfumu atithandize kulengeza. Ine ndatenga mudzi wathu ndi wa kutsidya kwa dambo, amene akufuna kuyenda nane andipeze tikatha pulogalamu.