Anakajambula ndani zithunzi za Neptune?

(Mawu omwe ndinayankhula pa msonkhano wa kalabu Loweruka)

Mukukumbukira mkangano wa pa gulu lathu la WhatsApp sabata yatha? Wina anaponya chithunzi cha pulaneti ya Neptune, ya buluu waphuliphuli, mnzathu wina n'kulemba kuti, "Zabodza izi, za pakompyuta. Anakajambula ndani?" Ine ndinangoti zii. Fomu 4 ndinamaliza, Physics ndinakhoza, koma yankho ndinalibe. Zinandinyansa, ndiye ndinakafufuza.

Anakajambula si munthu, ndi chombo chotchedwa Voyager 2. Bungwe la NASA la ku America linachiulutsa pa 20 August 1977 ku Cape Canaveral, ndipo chinzake, Voyager 1, chinanyamuka pa 5 September chaka chomwecho. Sanangodzuka n'kusankha chakacho. Mu 1965 Gary Flandro, yemwe anali akadali pa sukulu ya ukachenjede, anawerengera kuti chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 Jupiter, Saturn, Uranus ndi Neptune adzakhala pamalo oti chombo chimodzi chitha kuwadutsa onse. Mwayi wotere umabwera kamodzi pa zaka pafupifupi 175. Chombo chikayandikira pulaneti yaikulu, mphamvu yokoka ya pulanetiyo imachikhotetsa n'kuchiponya kutsogolo ngati mwala wa pa legeni. Choncho ulendo wa ku Neptune, womwe ukanadya zaka pafupifupi 30, unatenga zaka 12.

Voyager 2 inadutsa Jupiter mu 1979, Saturn mu 1981, Uranus pa 24 January 1986, ndi Neptune pa 25 August 1989. Mpaka lero palibe chombo china chomwe chinafikako ku Uranus kapena ku Neptune.

Nanga chithunzi chimafika bwanji kuno? Kamera yake inkagawa chomwe ikuona m'timadontho 800 m'litali ndi 800 m'lifupi. Foni yotchipa ya pamsika imaiposa kutali. Kadontho kalikonse kankapatsidwa nambala yosonyeza kuwala kwake, ndipo manambalawo ankatumizidwa pa wailesi ya mphamvu pafupifupi mawati 23 basi, ngati babu limodzi. Kuchokera ku Neptune, mtunda wa makilomita 4.5 biliyoni, uthenga unkayenda maola anayi ndi kupitirirapo pang'ono. Ukafika umakhala utafooka kwambiri, n'chifukwa chake amaulandira ndi madishi aakulu mamita 70, omwe ali ku Goldstone ku California, pafupi ndi Madrid, ndi pafupi ndi Canberra. Kompyuta kenako imasandutsa manambala aja kukhala chithunzi.

Vuto lina linali mdima. Ku Neptune dzuwa limawala mofooka maulendo pafupifupi 900 kuyerekeza ndi kuno. Amene munajambulapo usiku mukudziwa: dzanja likagwedera pang'ono, chithunzi chaonongeka. Tsono chombocho chinkathamanga makilomita ambiri pa sekondi imodzi. Mainjiniya a ku JPL anachitumizira malangizo atsopano chili m'njira, kuti chizitembenuka pang'onopang'ono kutsatira chomwe chikujambula. Ndipo zonsezi ankachita ndi chombo cholemala kale, pakuti wailesi yake yeniyeni yolandirira mauthenga inafa mu 1978, n'kutsala yapadera.

Zomwe zinaoneka palibe anazilota. Pa Io, mwezi wa Jupiter, mayi wina wa ku JPL, Linda Morabito, anazindikira pa chithunzi cha Voyager 1 phiri likuphulika moto. Ku Uranus kunapezeka miyezi 10 yatsopano. Ku Neptune kunali chimphepo chakuda, kukula kwake ngati dziko lathu lonse, ndi mphepo zothamanga pafupifupi makilomita 2,000 pa ola. Pa mwezi wake Triton, kozizira koopsa, nthaka inkalavula mpweya m'mwamba makilomita angapo.

Tsopano, mnzathu uja sanalakwe zonse, ndipo apa ndiye pandisangalatsa. Kamera ija inkajambula zakuda ndi zoyera zokha. Mtundu umabwera pojambula kangapo kudzera m'magalasi a mitundu yosiyana, n'kuphatikiza zithunzizo kuno. Pa chithunzi chotchuka chija buluu anachita kumukoleza kuti mitambo ioneke bwino. Akatswiri ananena zimenezi nthawi yomweyo, koma chithunzi chinayenda, mawu ofotokozera n'kutsala m'mbuyo, monga zimachitikira pa magulu athuwa. Mu January 2024 Patrick Irwin wa ku Oxford ndi anzake anaonetsa kuti Neptune ndi yotuwirako, pafupifupi ngati Uranus. Ndiye chithunzicho n'chenicheni, koma mtundu wake ndi wowonjezera. Kufunsa kunali koyenera. Cholakwika chathu tonse chinali kulekera pa funso pomwepo.

Zombo ziwirizi zadutsa makilomita 20 biliyoni tsopano, ndipo zinatuluka m'dera lomwe mphepo ya dzuwa imafika, Voyager 1 mu 2012, Voyager 2 mu 2018. Sola kumeneko siingagwire. Magetsi zimapanga ndi kutentha kwa plutonium, ndipo chaka chilichonse amachepa ndi mawati pafupifupi anayi, moti mainjiniya akuzimitsa zida chimodzichimodzi. Makamera anazimitsidwa kalekale. Voyager 1 isanatseke maso, pa 14 February 1990, inatembenuka n'kujambula dziko lapansi ili pa makilomita 6 biliyoni, pa pempho la Carl Sagan. Tonsefe tinakwana m'kadontho kamodzi.

Chomaliza ndi ichi, ndipo ine nditachiwerenga ndinadzuka pampando. Chombo chilichonse chinanyamula chimbale chokutidwa ndi golide, momwe muli moni m'zilankhulo 55. Chimodzi mwa izo ndi Chinyanja. Munthu akufunsa anthu a kumwambako kuti ali bwanji, m'chilankhulo chomwe tikumvana pano. Wailesi ikadzasiya kulankhula, chimbalecho chidzapitirirabe ulendo.

Pempho langa, a wapampando: Jupiter ndi Saturn amaoneka ndi maso, opanda chida chilichonse. Tisankhe usiku wina wopanda mitambo tikumane pa bwalo la mpira. Amene ali ndi mabayinokyula kunyumba abwere nawo, mwina tingaone timiyezi ta Jupiter. Ndipo mnzathu wa "zabodza" uja asajombe. Mafunso abwere.