Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Ulendo wa Mabanja a Chimalawi Wokaona Mitengo ya Bonsai ku Washington

Zikomo pondipatsa ulemu woti ndiyankhule tisanalowe. Sindichulutsa gaga m'diwa, poti ndikuona kuti ana maso ali kale kuchipata.

Malo tafikawa ndi National Bonsai & Penjing Museum, mkati mwa munda wa boma wa U.S. National Arboretum. Anayamba mu 1976, pamene dziko la America linkakondwerera zaka 200 za ufulu wake, ndipo akatswiri a ku Japan anatumiza mitengo 53 ngati mphatso. Lero muli chigawo cha mitengo ya ku Japan, china cha ya ku China, china cha yoleredwa kuno ku North America. Pakhomo salipiritsa, n'chifukwa chake msungichuma wathu akumwetulira chikhalire m'mawa.

Ambiri akaona paini wotalika kulekeza m'chiuno ali m'kambale, amangoti ndi mtundu wa mitengo yopinimbira. Ayi ndithu. Ndi paini weniweni, ndipo mutatenga njere yake n'kukabzala m'munda, ungakule mpaka kupitirira denga la nyumba. Chimene chimauchepetsa ndi manja a munthu. Pakapita zaka zingapo amauzula m'kambalemo, kusasa dothi, kudula mizu, n'kuubwezera m'dothi latsopano lamiyalamiyala limene silisunga madzi. Nsonga zanthete amazitsina. Nthambi amazikulunga waya n'kuzipinda pang'onopang'ono, koma wayayo amamuchotsa asanalowe m'khungwa, apo ayi amasiya chipsera chovuta kufafanizika. Dothi la m'kambale ndi lochepa, limauma msanga, choncho dzuwa likaswa mtengo kuthirira n'kwa tsiku ndi tsiku. Akulu athu amati kuongola mtengo m'poyamba. Olera bonsai nthawi zambiri amayambadi mtengo uli wanthete, koma ntchito yawo ilibe tsiku lomaliza: mwini wake amakalamba n'kumwalira, wina n'kutenga lumo lija.

Mukalowa chigawo cha Japan, funani paini woyera wa banja la Yamaki. Anayamba kuulera mu 1625. Ganizirani, makolo anzanga: David Livingstone anafika pa Nyanja ya Malawi mu 1859, mtengo umenewu uli kale ndi zaka zoposa 230 m'kambale. Banjali linkakhala ku Hiroshima, pafupifupi makilomita atatu kuchokera pamene bomba la nyukiliya linaphulikira pa 6 August 1945. Mpanda wa pabwalo unautchinga, unapulumuka. A Masaru Yamaki anaupereka m'gulu la mphatso ija ya 1976 osaulula za bombalo. Oyang'anira malo ano anadzadziwa mu 2001, zidzukulu zawo ziwiri zitabwera kudzauona. Za bomba n'zimene anthu amathamangira kujambula, koma ine chimandigwira mtima n'china. Zaka 400, mibadwo kulandizana, ndipo panalibe ngakhale m'modzi amene anauiwala mpaka kuuma.

Ana inu, ntchito yanu ili pa Goshin, kankhalango kamene anakonza katswiri wa bonsai, a John Naka, n'kupereka kuno mu 1984. Muli mitengo 11 m'kambale kamodzi, uliwonse ukuimira m'dzukulu wawo m'modzi. Mukaiwerenge nokha, mudzandiuze ngati ndanama. Mukaonenso nsonga zoyera zopanda khungwa pamwamba pake. Si matenda, anazisenda dala kuti zioneke ngati mitengo yoombedwa ndi mphenzi.

Chonde tisakangodutsa ndi mafoni m'manja. Pa mtengo uliwonse pali kachikwangwani konena mtundu wake, amene anaupereka, ndi chaka chimene anayamba kuulera, chomwe si chaka chimene unamera. Werengani. Weramani pang'ono, muuyang'ane kuchokera m'munsi, muone mizu momwe yagwirira dothi ndi ndere zobiriwira m'mbali mwake. Mulinso miyala yoonetsa, imene madzi ndi mphepo zinasema yokha mpaka kufanana ndi mapiri, imeneyonso musaipitirire.

Wina andifunsa m'basi muja ngati luso limeneli lingatheke ndi mitengo yakwathu. Limatheka. Ku South Africa alipo amene amalera mlambe m'kambale, ndipo mitengo ya mtundu wa kachere ndi ina mwa imene oyamba kumene amaphunzirira, chifukwa siifa msanga ukaidula. Achinyamata amene mumadandaula kuti m'nyumba za kuno mulibe pobzala ngakhale mpiru, funsani ogwira ntchito muno momwe mungayambire.

Pempho langa lomaliza likupita kwa makolo. Mitengo imeneyi sakhudza, ngakhale ndi chala chimodzi. Aliyense agwire dzanja la mwana wake, tiyende m'magulu ang'onoang'ono, ndipo chakudya tikadyera panja tikatuluka.

A Wapampando, titsogolereni tilowe.