Ubuyu: switi ya malambe ya ku Zanzibar

Amayi ndi atsikana anzathu, lero tikambe za malambe. Pachilumba cha Zanzibar amapangira switi yotchedwa ubuyu. Amawiritsa madzi ndi shuga mpaka zinande, n'kuthiramo zonunkhiritsa zotchedwa iliki, tsabola pang'ono ndi utoto wofiira wa zakudya. Kenaka amaikamo malambe osachotsa nthanga, n'kumavundula uku akuwaza ufa wa malambe omwewo mpaka shuga agwire paliponse. Akatero amayanika.

Apa ndiye timvetsetse: shuga ndi kuumako ndi zimene zimasunga switiyi. Tikapupuluma kulongedza isanaume, ichita nkhungu, mpamba wathu wapita.

Nanga ife malambe si awa mbwee ku Mangochi ndi ku Salima? Tizingothera pa juwisi basi? Tiyeni tikayese ndi kapoto kamodzi kaye.