Nthano za pa Kanema: Kodi Tili Tonse?

Lero tikambirana za mafilimu aja oonetsa anthu ouluka m'mwamba, nyama zolankhula, zimphona ndi ndodo zamatsenga. Funso lathu ndi ili: kodi mafilimu otere ndi oyenera ana?

Funsoli linandifikira tsiku lina madzulo ndili kuyenda m'komboni ya Chainda, kum'mawa kwa Lusaka. Ndinaona anyamata atatu a msinkhu wa Giredi 2, aliyense atamanga chitenje cha amake m'khosi, chikulendewera kumsana. Mmodzi anali atakwera pa khoma la nyumba yosatha kumanga, anzake ali pansi kumulimbikitsa kuti adumphe. Nditamfunsa chimene anali kufuna kuchita, anayankha mosakayika kuti afuna kuuluka monga munthu amene anamuona pa foni ya mkulu wake. Ndinamtsitsa. Mwanayo sanali wopusa ayi. Anaona ndi maso ake munthu akuuluka, ndipo panalibe wamkulu womuuza kuti zimene anaonazo ndi zopanga.

Tisaganize kuti nkhani imeneyi yayamba ndi mafoni. Pa nthawi ya atsamunda, m'makomboni a ku migodi munali kuonetsedwa bayisikopo pabwalo usiku. Mayi wina wa ku America wofufuza za chikhalidwe cha anthu, Hortense Powdermaker, anakhala ku Luanshya m'zaka za 1953 ndi 1954, ndipo m'buku lake lotchedwa Copper Town, limene linatuluka mu 1962, anafotokoza kuti anthu anali kukonda kwambiri mafilimu a anyamata okwera pa akavalo, owomberana mfuti. Ana a masiku amenewo anali kusema mfuti zamitengo ndi kutsanzira kayendedwe ka anyamatawo. Ena mwa ana aja lero ndiwo ambuya anu. Kotero kutsanzira kanema ndi khalidwe la ana kuyambira kale.

Ndiponso nkhani za zinthu zosatheka si zachilendo kwa ife. Kodi Kalulu salankhula m'nthano zathu? Kodi Fisi safunsira mbeta, Kamba nkupambana mpikisano wothamanga? Makolo athu sanaone cholakwa m'nkhani zotere, pakuti ndi m'menemo mwana anaphunzira kuti dyera limapha ndi kuti nzeru iposa mphamvu. Koma taonani mmene anali kukambira nthano. Ambuya akati, "Panangokhala," ana onse anali kuyankha kuti, "Tili tonse." Ndi mawu amenewo mwana anali kudziwa kuti tsopano talowa m'dziko la nthano, ndipo nthano ikatha anali kudziwa kuti tatulukamo. Wokamba nthanoyo anali kuona nkhope za ana pa kuwala kwa moto. Akaona kuti wamng'ono wachita mantha, anali kufewetsa mawu kapena kuyambitsa nyimbo.

Filimu ya zodabwitsa ndiyo nthano ya masiku ano, koma kanema alibe maso oonera nkhope ya mwana. Mwana akalira, iye apitirira chabe. Nchifukwa chake yankho la funso lathu lagona pa akuluakulu. Filimu yotere ikhoza kukomera mwana ndi kumphunzitsa, ngati pali wamkulu woisankha ndi kukhala naye pafupi. Tsono pali zinthu zitatu zimene wamkuluyo ayenera kuchita.

Choyamba, auze mwana mmene filimu ipangidwira. Ana inu, mvetserani bwino apa. Munthu amene mumamuona akuuluka amakhala atammangirira ku zingwe zolimba, kumbuyo kwake kuli chinsalu chobiriwira. Pambuyo pake akatswiri amafafaniza zingwe ndi chinsalucho pa kompyuta, naikapo mitambo ndi mapiri. Wodumpha kuchokera pamwamba pa nyumba ndi munthu amene anaphunzira ntchito imeneyo zaka zambiri, ndipo amagwera pa chimatiresi chimene inu simuchiona. Magazi aja ndi utoto. Chinjoka cholavula moto ndi chojambula. Pansi pa khoma la ku Chainda palibe matiresi. Pali miyala, misomali ndi magalasi osweka. Ana a zaka zosakwana 7 ndiwo amavutika kwambiri kusiyanitsa zoona ndi zopeka, motero awa afunika kuwauza mobwerezabwereza.

Chachiwiri, ayang'ane chizindikiro cha msinkhu. Mafilimu ambiri amakhala ndi zilembo kapena nambala pachikuto pake, kapena pakona pa kanema akamayamba. Chilembo cha G chitanthauza kuti aliyense angaonere. PG itanthauza kuti kholo likhalepo ndi kutsogolera. PG-13, imene inayambika ku America mu 1984, ichenjeza kuti muli zina zosayenera mwana wosakwana zaka 13. Mukaona 16 kapena 18, dziwani kuti si za ana a ku pulaimale. Dzina lodziwika lisakunyengeni. Filimu yoyamba ya Harry Potter, ya mu 2001, inali PG, koma yachinayi, ya mu 2005, inali PG-13, chifukwa mmene mnyamatayo anali kukula nkhani yake inali kunka iopsa, ndipo munalowa imfa. Mafilimu atatu a The Lord of the Rings, a mu 2001 mpaka 2003, onse ndi PG-13, pakuti muli nkhondo zoopsa. Ngakhale The Lion King ya mu 1994, imene ndi ya zithunzi zojambula, ili ndi malo pamene mwana wa mkango aona atate ake atafa. Mwana wamasiye wa m'kalasi mwanu angapwetekedwe mtima pamenepo kuposa anzake. M'tinyumba toonetsera mavidiyo m'komboni, wolandira ndalama pakhomo kawirikawiri safunsa zaka za mwana. Ntchito yofunsa yatsala kwa makolo ndi aphunzitsi.

Chachitatu ndi nkhani ya ufiti, ndipo iyi ndi yathu kuno. Kwa mwana wa ku London, mfiti youluka pa tsache ndi nthano chabe. Kwa mwana wa ku Kanyama kapena ku Mtendere, mawu akuti mfiti amawamva akutchulidwa pa anthu amoyo, makamaka okalamba okhala okha. Mwana akaona m'filimu nkhalamba ya imvi ikulodza anthu, mawa lake angathe kuloza chala ambuya a pafupi ndi kwawo. Aphunzitsi, auzeni ana momveka kuti imvi ndi makwinya ndi zizindikiro za ukalamba chabe, ndiponso kuti lamulo la dziko la Zambia liletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Inu eni ake mukapeza mpata onerani I Am Not a Witch, filimu ya mu 2017 ya Rungano Nyoni, wobadwira kuno ku Lusaka, imene inalandira mphotho ya BAFTA mu 2018. Ifotokoza za kamtsikana konamiziridwa ufiti. Imeneyo ndi ya akuluakulu, ndipo ionetsa kuwawa kwa bodza lotere.

Kodi tsono tiwaletse ana mafilimu onse? Iyayi. Mwana woletsedwa pakhomo akaonera kwa anzake, kumene kulibe womuyang'anira. Ndi bwino kumsankhira zabwino, ndipo zilipo zokamba za kwathu. Zambezia, ya mu 2012, yopangidwa ku Cape Town, ikamba za mudzi wa mbalame pa mathithi a Mosi-oa-Tunya, ndipo iphunzitsa kugwirizana. Supa Team 4, imene inayamba kuonetsedwa pa Netflix mu 2023, ndi nzeru ya Malenga Mulendema wa ku Zambia. Ikamba za atsikana anayi a sukulu oteteza mzinda wa Lusaka wam'tsogolo. Mtsikana wa ku Chainda akaonera imeneyi, adziwa kuti ngwazi ingathe kukhala ndi nkhope yonga yake.

Ana inu, kumbukirani izi. Musayese kunyumba kapena kusukulu zimene mwaona pa kanema. Filimu ikakuopsani, uzani wamkulu. Kuchita mantha si chinthu chamanyazi. Ndipo musaonere mpaka usiku, chifukwa mwana wosagona mokwanira amasinza m'kalasi.

Aphunzitsi, pulogalamu ino ikatha, pemphani mwana mmodzi afotokoze filimu imene anaonera, ndi wina akambe nthano ya Kalulu. Lembani pa bolodi mizere iwiri, wina wa zinthu zotheka, wina wa zosatheka, ndipo ana aike chochitika chilichonse pa mzere wake. Kenaka afunseni kuti: ndani anachita bwino m'nkhaniyi, nanga anapindula chiyani? Pa msonkhano wa makolo, akumbutseni kuti kuwongola mtengo ndi pamene uli waung'ono, ndi kuti mwana akakhala pa kanema, pakhale wamkulu pambali pake womuyankha kuti, "Tili tonse."