Kutentha Kumene Kuthawira pa Cumuni

Lero tikambe za kutentha, cuma cimene ambiri acitaya osadziwa.

Kuyambira masiku aja pamene Chipata inali kuchedwa Fort Jameson, alimi a kumeneko aumitsa fodya wa Virginia m'mabalani. Moto ausonkha m'ng'anjo, ndipo utsi upita m'mapaipi a citsulo oyalidwa m'kati mwa balani, nuturukira pa cumuni. Utsiwo sukhudza fodya ai. Cimene cifika pa masamba ndico kutentha kopyola m'citsulo. Poyamba kukhala ngati madigiri 38 kuti masamba acite cikasu, potsiriza kufika ngati 70 kuti mitsempha iume. Nchito yonseyi itenga pafupifupi sabata lathunthu.

Tsono lamulo lake ndi ili: kutentha kucoka pa cinthu cotentha kunka pa cozizira, ndipo sikubwerera pa kokha. M'caka ca 1824 Mfalansa wina, Sadi Carnot, anaonetsa kuti makina oyendera moto apeza mphamvu yao pa kusiyana kumeneku. Cifukwa cace utsi ukaturuka ukali wotentha kwambiri, dziwani kuti nkhuni zanu zapsa cabe.

Mmisiri wanzeru asamala zinthu zitatu. Coyamba, paipi ikhale yotalika bwino, kuti utsi usiye kutentha kwake usanafike pa cumuni. Koma ikacuruka makhota moto sukoka. Caciwiri, mwaye ucotsedwe, pakuti uphimba citsulo monga bulangete. Cacitatu, nkhuni zikhale zouma, popeza zaziwisi ziononga moto pophwetsa madzi ao.

Nzeru yomweyi iri m'rediyeta ya galimoto. Madzi otentha ayenda m'timipope topyapyala tambiri, mphepo nidutsa pakati. Mkuwa umene inu mukumba upititsa kutentha msanga kuposa citsulo pafupifupi kasanu ndi katatu, ndico cifukwa cace amisiri anaukonda pa nchito imeneyi. Koma matope akamata timipata tija, lole iwira pokwera mapiri a Luangwa pa mseu wa Great East.

Inu amene muganiza zobwerera kwanu kukalima mukaleka nchito, kumbukirani kuti mtengo wa mombo ukula zaka zambiri, koma ng'anjo iumeza usiku umodzi. Balani yomangidwa bwino isunga nkhalango ndi ndalama zomwe.

Tsalani bwino nonsenu.